Mapanga Anayi

Tsiku limene penshoni inalowa
kunali mawawa, monga amachitira Juni wa kuno,
ndipo ndinaima pakhonde la banki
ndi kapepala kochepa kuposa chikhatho.
Zaka makumi atatu ndi zinayi
zolandira makanda a eni ku Mapale
zinakwana pamenepo, malo n'kutsalako.

Mtsikana wa pawindo, Suzgika dzina pachifuwa,
mwina mchombo wake ndinadula ndine, adziwa ndani,
anati, "Mama, zisiyeni muno zizigona."
Ndinafunsa kuti zikagona chaka zidzuka zingati.
Anatchula.
Ndinaseka mpaka mlonda anacheuka.

Ndiye ndinagula kope la mizere ku Taifa,
ndinalidula magawo ndi lula wa mdzukulu,
n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo
ngati wofunsira mbeta.
Uku akuti tsekerani miyezi itatu, tikuwonjezerani.
Uko akuti miyezi isanu ndi umodzi, koma mukatsegula msanga
chiwongoladzanja chonse chapsa.
Ya miyezi isanu ndi inayi, imene ndimaidziwa bwino ine,
anati ilipo, koma muyenera kulankhula ndi abwana,
ndipo abwana apita ku maliro ku Ekwendeni.

Ndinagawa.
Kwina zochuluka, zotsekera chaka chathunthu,
kiyi ndinataya dala.
Kwina za fizi ya Temwanani,
zipse mu Januwale pamene sukulu ifuna zake.
Kwina zochepa, za mano ndi maliro,
zomwe ndingatape ngakhale Lamlungu.
Zotsala ndinapita nazo kwa amayi anzanga a ku Chibavi,
kumene banki yake ndi beseni pamphasa
ndipo wochedwa kubweza timam'dziwa pakhomo pake.

A Nyausisya, oyandikana nawo nyumba,
anandiona ndikubwera nditanyowa mpaka mpango
nati kudzera pampanda,
"Mapanga awiri avumbwitsa, anesi.
Nanga inu anayi?"
Iwo zawo amasunga mu matabwa a ku Chikangawa
ounjika kuseri, chiswe chikulandirako chakhumi.

Sindinayankhe. Anali asananame.
Wakabaza wa ku Katoto wadya kale
phindu la sabata ziwiri.
Banki iliyonse imaluma pang'ono mwezi ukatha,
akuti n'zosamalira akaunti,
ngati kuti amaisambitsa.
Boma nalo limayamba kulawa
mwana ndisanamuone nkhope.
Manambala achinsinsi anayi asokonekera m'mutu,
limodzi ndi tsiku lobadwa la malemu bambo,
lina sindikumbuka kuti linali la ndani.

Ndipo usiku, magetsi akathima ku Zolozolo kuno,
ndimawerengera pa tochi ya foni:
ndalama zanga zakwera masitepe awiri,
botolo la mafuta ophikira lakwera asanu
ndipo silikupuma n'komwe.
Sindine mwana, ndikuona.
Sindikulemera ayi.
Ndikungosauka mochedwerapo kuposa anzanga.

Koma ndinagwirapo makanda a kilo imodzi ndi theka,
ofiira ngati mbewa, osalira,
amene dokotala anapukusira mutu.
Sitinkawafunsa kuti udzakhala ndani.
Tinkawafunditsa, n'kuyeza m'mawa uliwonse,
magalamu makumi awiri tinkaombera m'manja.
Mmodzi wa iwo amayendetsa basi ya ku Karonga,
amandikweza ulere.

Lachiwiri lapitali foni inalira ndili pamzere wa shuga.
Ya miyezi itatu ija yabereka.
Kamwana kake n'kochepa,
kokwana thumba limodzi la makala ndi sopo,
mwina ndi kabuledi.
Sindinakatenge.
Ndinakabwezera pamsana pa mayi wake,
ndinasainira miyezi ina itatu,
n'kutulukira mumvula yomwe ija
ambulera nditaiwala pa banki yachiwiri,
kapena yachitatu.

A Nyausisya anali pampanda.
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi,
nafunsa motsitsa mawu
kuti ija ya miyezi itatu
amatsegulira ndi zingati.